Kalongonda Wosapsa

Ndinakwatiwa ndi munthu wozinga ng'ombe, ndipo sindibisa, ndinkadzimva nazo. Amuna anga ankagwira ntchito pa butchala ina ku Hauna, katawuni ka m'chigwa cha Honde, kunja kwa Malawi. Mwini butchalayo sanali Msilamu, koma ankadziwa kuti Asilamu a m'makomboni a tiyi sangagule nyama yoti sinazingidwe ndi Msilamu mnzawo, ndiye anawalemba ntchito yozinga ndi kusenda. Mwambo wake unali wakuti wozinga sabwerera chimanjamanja. Khosi linali lawo, ndipo masiku ambiri ankawawonjezera chiwindi, chifu kapena matumbo. Kukagwa maliro kapena ukwati m'komboni mwathu, ngakhale kwa Akhristu, ankaitanabe iwo kuti akazinge mbuzi, kuti aliyense adye nawo momasuka. Kumenekonso ankabwerako ndi kaphukusi kumbuyo kwa njinga.

Kuti mumvetse misala yanga, muyambe mwadziwa kumene ndinachokera. Ine ndinabadwira m'Honde momwemo. Mayi anga anamwalira ndisanadziwe kugwira mthiko, ndipo bambo, amene anachoka ku Malawi ali mnyamata, anandilera ndi nyemba za reshoni za pa esiteti. Abale inu, nyemba zija! Zofumbwa, zouma gwa, ukaphika anankafumbwe ayandama pamwamba pa msuzi, iwe n'kumawakankhira pambali ndi chala. Lolemba nyemba, Lachiwiri nyemba, mpaka sabata kutha. Nyama tinkaiona pa chikondwerero cha Idi chokha. Choncho tsiku limene ndinalowa m'nyumba yangayanga ndinalumbira mumtima kuti nyemba, pamodzi ndi abale ake onse, sizidzapondamo m'mphika mwanga.

Ndinkakazingira nyama pakhomo penipeni, dala, nthawi imene azimayi anzanga othyola tiyi akudutsa ndi madengu kumsana, kuti fungo liwalonjere. Wina akati, "Koma inu ndiye mukudya bwino," ndinkayankha ndi kudzichepetsa kwabodza kuti, "Aa, ndi timafupa chabe." Timafupa pati! Ndinkafuna amve kuwawa, monga ndinkamvera ine ndili mwana.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, pamene ndinayamba kuona kuti amuna anga akusiya nyama m'mbale. Ankangonyika mbamu mumsuzi, nthuli n'kuzikankhira mbali yanga. Poyamba ndinkati akuganizira mimba yangayo. Tsiku lina anasamba m'manja asanafike ndi pakati pomwe, n'kunena motsitsa mawu, poti anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa.

"Mayi, tsiku lonse ndimakhala m'magazi. Ndikasamba fungo silichoka. Ndikafika kuno ndipeza ng'ombe yomwe ija yandidikirira m'mbale. Simungandiphikireko tinyemba tsiku limodzi?"

"Nyemba?" ndinatero ine. "M'nyumba muno? Mukufuna anthu azinena kuti anakuchotsani ntchito?"

Anangoseka pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinaganiza kuti vuto ndi kaphikidwe ka nyamayo. Ndinayesa kuiwotcha pamakala, ndinayesa kuifutsa, ndinaithira ufa wa kale wokometsera ndiwo, ndinaitendera ndi dovi, chimene ife timati chiponde, monga amachitira anzathu Amanyika. Ndinasintha zonse kupatula chinthu chimodzi chimene iwo anapempha.

M'miyezi yomweyo kunabwera mayi wina kuchokera ku Mulanje. Anali wamasiye, wamsinkhu wanga kapena kundiposa pang'ono, ndipo anadzakhala ndi mlongo wake, kapitawo wathu, nyumba yachitatu kuchokera pa yathu. Iwo anali Alomwe, Akhristu. Amuna anga anali Mchawa, koma anakulira ku Mulanje komweko pakati pa Alomwe, ndipo iwo ndi kapitawoyo anali mabwenzi a bawo. Lamulungu lililonse masana ankapita kukasewera pansi pa mpeyala wa pakhomo pa kapitawo. Sindinkadandaula nazo mpaka pamene mayi uja anafika.

Sanali wokongola, zimenezo ndinazifufuza bwinobwino tsiku loyamba. Wamfupi, wamapazi ong'aluka, mpango wake womwewomwewo sabata yonse. Koma ankayankhula Chinyanja cha kumudzi chenicheni, chosasakaniza, pamene changa chinali chodzaza ndi Chimanyika moti nthawi zina amuna anga ankandifunsa kuti ndanena chiyani. Ndipo anabwera ndi timafundo ta mbewu m'chitenje. Pasanathe nyengo imodzi, kuseri kwa nyumba yawo kunali nandolo, khobwe, nzama, ndi chinthu china choyanga pampanda chimene sindinkachidziwa.

Amuna anga, poti analibe chinyengo, ankabwera n'kumandifotokozera yekha zonse, osadziwa kuti akundibaya. Lero akuti adya chipere cha nandolo chosalala ngati phala. Sabata inayo akuti khobwe wosakaniza ndi masamba ake, wotendera nsinjiro. Kenaka nzama zophika ndi mchere wokha, matemba otendera, mazira a nkhuku zakumudzi ophikira mu tomato, mpaka chambiko chimene mayiyo ankagula kwa Mmanyika wina wa ng'ombe ku Samanga. Mphika wa nyumba imene ija sunkadziwa nyama, ndiye Msilamu ankadyako popanda kufunsa mafunso. Ankafotokoza maso ali owala, ngati mwana wobwera ku ukwati.

"Ndiye zakudya za amphawi zimenezo zakukomerani?" ndinafunsa tsiku lina.

"Ndi zimene ndinakulira, mayi," anayankha. "Munthu ukadya umadzuka ndi mphamvu, m'mimba muli mopepuka."

Nsanje inandigwira. Si kuti ndinkaganiza kuti akugona naye, ayi, amuna anga ndinkawadziwa. Chimene chinkandiwawa chinali choti mkazi wina, wopanda ndi nthuli imodzi yomwe m'nyumba mwake, ankawadyetsa mpaka kunyambita zala, pamene ine ndi chiwindi changa ankandisiyira m'mbale. Ndipo posakhalitsa Lamulungu lokha silinakwane. Anayamba kudutsirako pochokera ku Hauna, n'kufika kunyumba atakhuta kale.

Komboni ilibe chinsinsi. Pamzere wa sikelo, pamene tinkapimitsa tiyi, azimayi omwe aja ndinkawanunkhiritsa nyama anapeza pobwezera. "Amai," anatero wina wa Chimanyika, akumwetulira mano onse, "njinga ya baba ija yaiwala nyumba kodi? Dzulo ndinaiona itatsamira mpeyala wa kwa kapitawo." Mnzake anawonjezera kuti, "Musadandaule, nyama ikakuchulukirani muzititumizira ife." Onse anaseka. Ine ndinasekanso nawo modzikakamiza.

Loweruka lina madzulo mayi uja anabwera yekha pakhomo panga ndi mbale yovundikira. Anagwada mwaulemu, n'kunena kuti, "Achemwali, ndati mulaweko. Ameneyu ndi kalongonda, wa kwathu. Achimwene amamukonda kwambiri."

Achimwene! Ndi liti anakhala achimwene ake? Ndinavundukula. Munali njere zikuluzikulu zotuwa, zosendedwa, zofewa, zopanda msuzi, zopanda ndi mafuta omwe. Ndinaganiza mumtima kuti, zoona zimenezi n'zimene zikundilanda mwamuna?

"Mukafuna ndidzakuphunzitsani," anapitiriza. "Ameneyu ali ndi kaphikidwe kake, safuna changu."

"Nyemba ndi nyemba," ndinamudula. "Ndinaziphika kuyambira ndili kamwana. Sindikusowa mphunzitsi."

Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa ngati anene kanthu, koma anangodzuka n'kumapita. Mbale ija ndinaikhuthulira nkhuku, osalawa ndi njere imodzi yomwe. Amuna anga atabwera n'kufunsa ngati kwafika kalikonse kuchokera kwa kapitawo, ndinaphulika. Ndinanena zambiri, zina sindingazibwereze. Ndinawauza kuti andichititsa manyazi komboni yonse, kuti ngati akufuna mkazi wa nyemba akamutenge, ndipo pomaliza ndinati, "Mukadzadyanso kunyumba imene ija, ngakhale kumwa madzi, ine ndinyamula katundu wanga. Mwana ameneyu ndikaberekera kwa azakhali anga ku Chipinge, ndipo sindidzabwerako."

Sindinkaseka, ndipo iwo anadziwa. Anangoti, "Ndamva."

Sabata yonse yotsatira ankabwera molunjika kunyumba. Ankakhala pansi, kudya nsima ndi kamsuzi, nyama n'kuisiya. Sanadandaule, ndipo kusadandaulako n'kumene kunkandipsetsa mtima koposa. Ndinapambana, koma munthu ankaonda ndikuona. Ndinayamba kuganiza kuti tsiku lina njala idzawabwezera ku mpeyala kuja, ndiye ine ndidzayenera kusunga mawu anga n'kukwera basi. Kupita kukapempha kuti andiphunzitse, zimenezo ayi, bola kufa. Ndinatsimikiza kuti ndiphika kalongonda ndekha, ndipo ndimuphika bwino kuposa mwini wake.

Mayi uja ankayanika kalongonda wake pathumba kuseri kwa nyumba. Loweruka masana, iye ali kuchigayo, ndinazemba ndi mimba yangayo, cheucheu, n'kutapa mbale yodzaza. Inde, ndinaba. Mkazi wa wozinga ng'ombe, kuba nyemba za wamasiye!

Lamulungu m'mawa amuna anga atapita kukazinga mbuzi kwa anthu ena, ndinatereka mphika. Madzi atangowira anada bii ngati tiyi wopanda mkaka. Ine ndinakondwa, ndinati eya, msuzi wake ndi umenewu, mayi uja amautaya chifukwa sadziwa kuphika. Njere zinkachedwa kufewa, ndiye ndinathiramo kasoda. Patapita maola awiri kapena atatu ndinafinya imodzi ndi zala, inaphwanyika. Ndinakazinga anyezi ndi tomato m'mafuta ambiri, ndinathira, ndinavundula. Sindinalawe, chifukwa fungo la chilichonse chonga nyemba linkandichititsa nseru masiku amenewo. Ndinangoyang'ana mphika uja n'kunena mokweza, ndili ndekha, "Tione tsopano!"

Amuna anga anabwera dzuwa lili pamutu. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja, ndinaika mbale patsogolo pawo, ndinavundukula, n'kukhala pambali nditapinda manja.

Anayang'ana m'mbale nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana ine.

"Mwaphika nokha?"

"Nanga m'nyumba muno muli akazi angati?"

Anatapa pang'ono, anatafuna, anaima. Ndinaona kholingo lawo likukwera n'kutsika.

"Bwanji?" ndinafunsa, mawu atayamba kale kuthwa. "Sakufika pa wa achemwali anu aja?"

"Ayi, ali bwino," anatero. "Inu mwadyako?"

"Ndimadikira inu."

"Musadye. Wapakati sadya kalongonda, amaletsa kwathu. Inu idyani chiwindi chija." Ndiye anafunsa ngati watsala mumphika. Nditati watsala pang'ono, anati ndiwonjezere yense m'mbale mwawo.

Abale, chimwemwe chimene ndinamva! Ndinakokota mphika. Ndinakhala pamenepo ndikuwaonerera akudya pang'onopang'ono, akumwera madzi pafupipafupi, mpaka mbale inayera. Mumtima ndinkaimba. Ndinkalakalaka mayi uja atadutsa pakhomo kuti aone.

Sipanathe nthawi yaitali. Anatuluka kukakhala pamthunzi, ine ndikutsuka mbale. Ndinamva mpando ukugwa. Potuluka ndinawapeza akuyenda dzandidzandi ngati woledzera, munthu woti sanalawepo mowa chibadwire. Thukuta linali kamukamu. Anagwira khoma, anasanza, anasanzanso, kenaka anakhala pansi n'kuyamba kuyankhula Chiyao, kuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Manja ankanjenjemera, maso akuyang'ana zinthu zimene ine sindinkaziona. Ndinawagwedeza, ndinawaitana, sanandizindikire.

"Mayo ine! Mayo! Thandizeni!"

Anthu anathamanga kuchokera m'mizere yonse. Wina ankati ndi malungo a m'mutu, wina ankati alodzedwa. Ndiye ndinamva kumbuyo kwanga mawu a mayi wa Chimanyika wa pasikelo uja, akunong'ona koma mofuna kuti ndimve. Ankati mkazi wansanje wathira mankhwala m'chakudya kuti mwamuna asamayende, ndiye wapyoza muyezo. Mawu aja anayenda pakati pa anthu, ndipo ndinaona nkhope zikutembenukira kwa ine imodziimodzi. Ndinadziwa kuti akafa, ndine wakupha, ndipo ngakhale achire, dzina limenelo silidzandichoka.

Mayi wa ku Mulanje anafika ndi mlongo wake. Sanafunse aliyense. Anayang'ana masanzi aja, analowa m'nyumba mwanga ngati mwake, anavundukula mphika n'kuona zakuda zotsalira m'mbali. Anatuluka n'kunena mokweza kuti onse amve, "Palibe mankhwala apa. Ndi kalongonda wanga uja, sanapse bwino. Tengani madzi ambiri, wina athamangire thirakitala."

Kalongonda wanga. Sananame, analidi wake. Koma anthu anamva ngati waphika ndi iye, ndipo iye anawasiya amve choncho. Anagwada pambali pa amuna anga, anawamwetsa madzi, anawasanzitsanso, akuwayankhula modekha m'Chinyanja cha kwawo chija mpaka anasiya kulimbana. Ine ndinangoima kakasi, madzi ali m'manja. Ndipo ndikuuzeni zoona, ngakhale pamenepo, mwamuna wanga ali pakati pa moyo ndi imfa, kachigawo kena ka mtima wanga kankawawa poona kuti mutu wawo uli pamwendo pa mkazi wina. Nsanje ilibe manyazi.

Thirakitala ya pa esiteti inawatengera ku kiliniki ya ku Hauna. Anawagoneka masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwerera, ofooka, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo sananene chilichonse chokhudza mphika uja. Anangondifunsa ngati mwana akugunda bwino.

Mawa lake m'mamawa, kusanayere bwino, ndinamva kugogoda. Anali mayi uja, atanyamula mtolo wa nkhuni pamutu ndi lichero la kalongonda m'manja.

"Tereka madzi," anatero. Ulemu wa achemwali uja unali utatha. "Ukamaba, uzibanso ndi kaphikidwe kake."

Ndinatereka.

Tinakhala pamoto tsiku lonse, ine ndi munthu amene ndinkadana naye kuposa wina aliyense m'Honde. Madzi atawira n'kuda, anati taya. Tinathira ena. Atadanso, taya. Tinaphula, tinasenda khungu la njere iliyonse ndi zala mpaka zala zinachita makwinya, tinatsuka, tinaterekanso. Taya. Thira. Taya. Nkhuni zake zinatha, tinayamba zanga. Ndinafunsa kuti titaya kangati, iye anati kalongonda sawerengera, umataya mpaka madzi ayere ngati a pampopi, ndipo dzuwa likapanda kupendeka usamukhulupirire. Anati madzi akuda aja, amene ine ndinkati msuzi, ndiwo amazunguza mutu, ndipo kwawo anthu ena anapita nawo kumanda.

Chakumasana, pofuna kuti ndinenepo kanthu kosonyeza kuti inenso ndikudziwako zina, ndinati, "Mwayi wake wapakati sadya kalongonda. Ndikanadya nawo, kaya mwanayu zikanamuthera bwanji."

Anasiya kusonkhezera moto. "Wapakati sadya? Wakuuza ndani?"

"Bambo akunyumba. Akuti kwanu amaletsa."

"Kwathu kuti? Ine mimba zanga zonse ndinkadya kalongonda, mayi anga chimodzimodzi. Akapsa amadya aliyense." Anandiyang'anitsitsa. "Anakuuza liti zimenezo? Asanalawe kapena atalawa?"

"Atalawa."

Anapukusa mutu. "Iwe, munthu wokulira ku Mulanje safunika ndi kulawa komwe. Akangoona madzi akuda ndi makoko ali pomwepo, wadziwa kale. Mwana wazaka zisanu amadziwa."

Ndinakumbukira mmene anayang'anira m'mbale nthawi yaitali ija, mmene anafunsira ngati watsala mumphika. Ine ndinkati akukomedwa.

Madzulo ake kalongonda atapsa, mayi uja anathira mchere, analawa, anandilawitsa, n'kunyamula lichero lake kumapita. Ndinapereka mbale kwa amuna anga. Asanatape ndinagwira dzanja lawo.

"Munadziwa kuti uja sanapse."

Sanakane.

"Nanga munadyeranji? Ndinu mwana? Mukanafa bwanji? Mukanandisiya ndi mimba, anthu akundiloza kuti ndinapha mwamuna!" Ndinkakalipa, misozi ikutsika, poti ine ndikachita mantha ndimakalipa.

"Ndinkati ndingodwala pang'ono," anatero. "Sindinadziwe kuti afika pamenepo."

"Osangonena bwanji kuti sanapse?"

Anandiyang'ana ndi kufatsa kwawo kuja. "Ndikanati sanapse, inu mukanamva kuti chiyani?"

Yankho tonse tinkalidziwa. Ndikanamva kuti wa mayi uja ndiye wabwino. Ndikanataya mbale ija panja, ndipo dzuwa lisanalowe ndikanakhala nditamanga katundu wa ku Chipinge.

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikupempha kuti mundiphikire china," anapitiriza. "Tsiku loyamba limene mwaphika, ndikanalibweza?"

Ndinasiya dzanja lawo. Anadya, ndipo ulendo umenewu ndinadya nawo m'mbale imodzi. Anali wokoma, ndivomere. Wonona mwa iye yekha, wopanda mafuta, wokhutitsa kuposa nthuli.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwanga munalowa nandolo, khobwe, nzama, chipere, zonse ndinaziphunzira kwa mayi yemwe uja, ndipo phunziro lililonse linkabwera ndi chitonzo chake. Khosi la ng'ombe lambiri linayamba kupita kwa azimayi a pasikelo. Nyemba za reshoni zokha ndinakanabe mpaka lero. Lamulungu amuna anga anabwerera ku bawo, ndipo ndinkadziwa kuti akadyako, koma basi ya ku Chipinge sindinaitchulenso.

Musaganize kuti nsanje inatha. Tinakhala m'banja zaka zambiri, ana anakula, ndipo nthawi iliyonse ndikaphika kalongonda ndinkafunsa funso lomwelo: "Wokoma ndi uti, wanga kapena wa mayi uja?" Iwo ankatafuna, kumeza, n'kunena kuti, "Wanu wa lero sandigoneka kuchipatala." Munthu amene sankanama, kupatula tsiku limodzi lija la kalongonda wosapsa, sanathe kundinamiza kachiwiri ngakhale kuti andisangalatse.

Atamwalira, pa sadaka yawo, mayi uja anabwera atakalamba, akutsimphina, ndi mphika waukulu wa kalongonda umene anauphika kuyambira dzulo lake. Ndinatapa pang'ono ndili kuseri kwa nyumba, pamene panalibe wondiona. Anali wokoma kuposa wanga, ndipo anali wotero zaka zonsezo. Ndinapsa mtima, kenaka ndinalira, chifukwa kalongonda wa mayi ujayo amuna anga ankadya chifukwa ndi wokoma, koma wanga anadya akudziwa kuti sanapse, mpaka kupempha wotsala mumphika.